Mpando Wanga pa Mthuthuthu wa Amdala

Ni mng'ono wanga ananikakamiza kuti nilembe nkhani iyi, uja ogulitsa tomato na nsomba za kapenta pa msika wa Chongwe. Ati, "Akulu, mumangonikambira ine chimodzimodzi mpaka ogula athawa. Ikani pa pepala, anthu ena akuthandizeniko kusenza." Ine sukulu ninalekera giredi sikisi, chaka chimene atate anadwala msana, ndiye mukapeza mawu opindika muongole nokha. Nilemba mwamene nikambira.

Tikhala ku Nkomeshya, mbali ija yopenya ku Palabana, pa munda umene anatisiyira apongozi anga aamuna. Tisunga ng'ombe za mkaka, si zambiri iyayi, zokwanira chabe kuti munthu asagone mpaka dzuwa kutuluka. Amuna anga nimawaitana amdala. Ninayamba akali na tsitsi lakuda bii, chifukwa anabadwa okalamba kale mumtima, munthu osaseka pa gulu. Kale anali kugwira nchito ya ziweto, kuzungulira midzi kubaya ng'ombe jekeseni. Anawapatsa kamthuthuthu ka nchito, kaja koonda kolira monga udzudzu, ndipo atapuma anakabweza. Zaka zonse izi sanakambepo kuti akayewa olo kukalakalaka.

Mwana wathu wamwamuna anali mmodzi chabe, ena atatu ni akazi. Anakwatira kutali, kutsidya kwa mlatho wa Luangwa, nakhala komweko kwa akazi ake, kulima thonje na kusoka nsapato. Anamwalira nthawi ya mvula, chimanga chitayamba ngayaye. Anadwala masiku atatu chabe, mutu na kutentha thupi. Ine uthenga unanipeza pa bedi m'chipatala ku Lusaka, mwendo uli m'mwamba, chifukwa shuga inali itanidya chala chaching'ono cha kuphazi ndipo madokotala anali atachidula dzulo lake. Sananilole kuchoka. Amdala anakwera basi okha. Anabwerako patapita masiku anayi na chola cha zovala za mwana, anachiika pamwamba pa kabati, napita kukakama ng'ombe.

Sininalire. Tsiku lodula chala ananibaya jekeseni ya dzanzi. Umamva ndithu kuti akukoka, akudula, chitsulo chikulira m'mbale, koma phazi lili monga la munthu wina. Dzanzi lija silinathe. Linakwera mwendo, linafika pa chifuwa, linakhala pomwepo.

Nitatuluka m'chipatala azimai a ku chalichi anabwera kuzanipepesa, anadzaza nyumba mpaka pakhonde. Mwambo wake ni wakuti mai wa malemu ayambe kulira, ena alandire. Anayembekeza. Anayamba nyimbo, anaitsiriza, anayamba ina. Ine maso anali pa chidendene cha mai wina chong'ambika, nikuganiza kuti afunika mafuta aja tipaka ku mawere a ng'ombe, amathandiza maningi, na ine nimapaka nthawi yozizira. Pothera pake amai abusa analira okha kuti anthu asabwerere chabe.

Nchito ninali kugwira. Kutsuka zigubu za mkaka, kupatsa matole madzi, kuphika. Anthu anali kukamba kuti mai uja ni wolimba. Mwala nawo ni wolimba.

Manje za mthuthuthu. Kufupi na msewu kuli maploti atsopano kumene anthu a ku Lusaka amanga nyumba za mipanda yaitali. Achoka m'mawa na mamotoka, abwera madzulo, timadziwa agalu awo kupambana eni ake. Mmodzi wa iwo, bambo wa mimba ogwira mu ofesi ya boma, anali kugula mkaka kwa ife pa Chiweru. Mvula itatha, tsiku lina amdala akuti, "Vala nsapato, uniperekeze kokasiya mkaka." Ninadabwa pang'ono, chifukwa chigubu chinali chimodzi, koma ninavala.

Titafika, bambo uja anatsegula geti, natipatsa moni m'Chibemba. "Muli shani bamayo? Ba mudala, mwabwera nawo abwana eni ake?" Anatitsogolera kuseri kwa nyumba, anavundukula tenti. Pansi pake panali mthuthuthu wofiira, waukulu monga thole la chaka chimodzi, thupi lonse lokutidwa na mapulasitiki monga mapiko a chikumbu. Kutsogolo kagalasi kotchinga mphepo, kumbuyo mabokosi awiri, uku na uku. Pokhala munthu wachiwiri panali pamwamba, pang'ono monga chikhatho changa.

"Iyi si njinga yopitira ku chigayo," anatero mwini wake. "Anaipangira ulendo wautali pa msewu wa tala. Ithamanga monga za mpikisano, koma munthu sutopa. Ninaigula kwa wina amene nayenso anagula kwa wina, koma injini ikali mwana."

Akazi ake anatulutsa mutu pa windo. "Itengeni chabe atate, nalema nayo. Munthu ali na ana atatu afuna kuzipanga mnyamata."

Amdala anauzungulira kawiri. Anagwada, anapisa dzanja pansi kuona ngati oilo idontha, anakoka tcheni, ananunkhiza chala. Ni mwamene achitira na ng'ombe ya pa malonda, anatsala chabe kuuyang'ana mano. Anauliza. Unabangula mpaka galu anathawira m'khichini.

"Ifika ku Luangwa?"

"Ba mudala, Luangwa ni pakhomo. Iyi ifika na ku Nakonde osapempha madzi."

Pobwerera, tili pakati pa minda, amdala anakamba akuyang'ana kutsogolo. "Nifuna nikakuonetse pamene anagona mwana."

Ine nati, "Mabasi anatha?"

"Basi ikusiya pa tala. Kuchoka apo ni njira ya ngolo, mtunda wautali. Na phazi lakolo sungafike."

Nati chabwino. Akanakamba kuti tikagule ndeke, nikanayankha chimodzimodzi. Anagulitsa ng'ombe ziwiri, imodzi inali yanga, ya mawanga, imene ninailera na botolo amake atafa. Ninaona akuikweza mu loli, ninabwerera kukatsiriza kusesa.

Tsiku lobwera na mthuthuthu, mudzi wonse unaima m'mbali mwa njira. Mahandulo a mthuthuthu uja anali pansi maningi, wokwera achite kugona pa thanki, ndiye amdala anatulukira atagwadira monga munthu akumwa madzi pa mtsinje, matako m'mwamba. Pa mchenga wa pa mtengo wa mpundu tayala la kutsogolo linavina, anagwa khu. Anauka, anakutumula buluku. Amuna atatu anathandiza kuuimika. Mkazi wa aneba anaseka mpaka anakhala pansi, pambuyo pake anakumbukira kuti ndife ofedwa, anatseka pakamwa na chitenje. Ine sininakhumudwe. Ninali kuganiza kuti buluku lija ninachapa dzulo.

Apo ndiye panayambira nchito. Anayamba na mahandulo. Anapita nawo ku Chongwe kwa bambo wina owotcherera zitsulo kuseri kwa msika, munthu wa nthabwala wa diso limodzi lofiira, amene apanga mageti na mbaula. Anaikako zitsulo zokweza kuti munthu azikhala mowongoka. Atakweza, zingwe za mabuleki zinafupika, anapita ku Lusaka kukafuna zazitali. Pambuyo pake matayala. Aja anabwera nawo anali osalala monga mutu wa dazi, abwino pa tala, koma pa mchenga ni sopo. Anagula ena a mano. Mimba ya mthuthuthu inali kugunda miyala, ndiye anadula mapulasitiki a pansi na sowo, namangako chitsulo chimene anacheka ku diramu yakale. Diramu ija ninali kusungiramo gaga wa nkhuku, sananipemphe. Nkhuku nazo chaka chija zinatha na chitopa, kunatsala tambala mmodzi wopunduka amene tinamudya pa Khisimisi, wolimba monga lamba.

Anamanga kamsasa kuseri kwa khola. Akatsiriza kukama m'mawa, alowa mmenemo. Ine ninali kumva chabe ngwe, ngwe, na sipanala ikagwa. Ninali kuwaperekera tiyi, niika pa chitsa, nibwerera. Masiku ena tsiku lonse mawu athu anali "tiyi" na "zikomo". Mwana sitinali kumutchula.

Zonse izo zinali zing'ono. Nkhani yaikulu inali pokhala ine.

Ine chibadwire sininakhalepo motangadza pa chinthu chilichonse. Pa njinga yopalasa nakwera moyo wanga wonse, kupita ku chigayo, ku chipatala na mimba, ku maukwati, koma chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, chitenje chili bwinobwino. Nikali mtsikana amai ananimenya na mthiko chifukwa ananipeza nakwera pa mtondo wogoneka monga mnyamata pa bulu. Atsikana a manje avala mabuluku, akwera mwamene afunira, siniwaweruza, ana anga omwe avala. Koma ine, mai wa yunifomu ya chalichi, wa zidzukulu, kupita kwa asewere anga, makolo a mkazi wa mwana wanga, nitatangadza? Amdala sananifunse nkomwe. Anali kudziwa mkazi amene anakwatira.

Ndiye anachotsa bokosi la kumanzere, namangapo thabwa loponda. Mbali yomweyo ndiye kuli tcheni, anati izagwira chitenje, anaitchinga na lata. Mpando anapita nawo kwa osoka masofa, anaukulitsa, anaikamo siponji yochindikala. Anawotcherera chotsamira chochokera ku mpando wachitsulo wakale, na chogwirira cha paipi. Utatha, mthuthuthu uja kutsogolo unali wa mpikisano, kumbuyo unali monga mpando wa odwala.

Tinayesa mwezi wozizira, pa njira yopita ku Palabana. Ananikweza pogwiritsa nchito chigubu monga makwerero. Ananiveka helemeti yonunkha mutu wa bambo wa ku maploti. Poyenda mowongoka zinali bwino. Pokhota poyamba, mthuthuthu unapendekera kumanja, ine thupi langa lonse linali kulemera kumanzere, ndipo mai ine sindine wochepa. Amdala analimbana nawo, unakana. Tinagona pansi tonse atatu.

Ninagona chagada pa mchenga, nikuona kumwamba kupyolera pa kagalasi ka helemeti. Kunali kabawi mmodzi akuzungulira. Amdala anali kunigwedeza, "Amake ana! Amake ana! Wapweteka pati?" Nati palibe. Madzulo posamba ndiye ninaona kuti chigongono chasupuka mpaka kuyera. Ninachiyang'ana monga mwamene uyang'anira mbatata yosenda.

Anabwerera mu msasa. Anatsitsa thabwa. Analikwezanso. Anaika mchenga mu bokosi la kumanja kuti kulemera kulingane, unakhala wolemera osakankhika. Anachotsa mchenga. Anati masipuling'i a kumbuyo ni ofewa, anayembekeza mwezi wathunthu kuti wina awabweretsere ena. Anasintha malaiti. Anapenta lata lija kuti likhale lofiira. Mphepo ya Ogasiti inabwera na fumbi lake, inapita. Kunatentha. Masuku anayamba kuoneka m'mabeseni m'mbali mwa msewu. Ine masuku nimawakonda kuchokera ku ubwana, tinali kutola na mng'ono wanga mpaka mimba kutupa, koma chaka chija ninadya awiri, anali monga madzi.

Ninali kudziwa chinthu chimodzi. Njira ya ku mudzi kuja ili na timitsinje topanda milatho, mwana anali kutiuza akali moyo kuti mvula ikagwa kawiri katatu, olo ngolo sipita. Mitambo inali itayamba kuunjikana masana. Ikagwa, ndiye kuti chaka china. Ndipo ine na shuga yanga, chaka china sinichilonjeza munthu. Sininali kulakalaka kupita, musaninamizire. Ninalibe chimene ninali kulakalaka. Koma ninali kudziwa na mutu kuti mai afunika kuona pamene anaika mwana wake, monga mwamene udziwira kuti ufunika kumwa mapilisi olo sumva kuwawa.

Tsiku lina ninapita ku kiliniki ku Chongwe kukapimitsa shuga. Potuluka ninadutsa kuseri kwa msika, napeza mthuthuthu uli kwa owotcherera uja, amdala atapita kukagula mabauti. Bambo uja anakweza magalasi ake akuda pa mphumi.

"Amama, ndimwe eni ake a mpando? Nakondwa kukuonani, ninayamba kuganiza kuti amdala amangira mzimu."

"Ndine. Manje mukonza chani?"

"Thabwa lomweli. Kachinayi aka. Nawauza kuti chatsala ni kuikako chimbudzi na khichini, muzikhala momwemo."

Sininaseke, ndiye naye analeka. Anapukuta manja, anatsitsa mawu.

"Amama, nikambe monga mwana wanu. Njinga iyi inatha kale, mwezi wozizira uja. Ilibe mlandu. Koma izi zikuluzikulu zimakhota na thupi, anthu awiri apendekere pamodzi monga munthu mmodzi. Chammbali sizizatheka, olo niwotcherere mpaka Yesu abwere. Mukakhala monga mwamuna, mawa lomwe mufika kumene mufuna."

"Amdala munawauza?"

"Amdala? Ndiwo ananiphunzitsa ine zimenezi. Aziwa bwino kupambana ine."

Mu minibasi pobwerera ninakhala pafupi na mai wonyamula anapiye mu katoni. Njira yonse ninali kumva tswii tswii, na mawu aja, aziwa bwino kupambana ine. Munthu anayenda pa mthuthuthu zaka zonse zija. Anadziwa kuchokera tsiku loyamba kuti chammbali sizitheka, anadziwanso kuti ine siningatangadze. Ndiye kuti anagula chinthu chimene chizatipititsa, nachikonza mwa njira yakuti tisapite. Sininakwiye. Ninangoona chabe, monga ukapeza pamene chigubu chidonthera.

Nitafika ninakwera pa mpando, ninatsitsa chola chija pa kabati. Chinali chisanatsegulidwe. Kwathu zovala za malemu zimagawidwa kwa abale, koma ife tinalibe amene anayamba nkhaniyo. Munali mashati atatu, jekete, na mabuluku awiri. Ninatenga lakuda, la nsalu yolimba. M'thumba munali kaulusi ka nsapato kokulunga pa kamtengo. Ninakabweza mu chola. Buluku linakwana m'chiuno movutikira, batani silinatseke, ninamanga na mpango. Miyendo inatalika, ninapinda katatu. Ninapita kwa aneba kuwapempha kuti atikamire ng'ombe masiku awiri.

M'mawa amdala atatsiriza kukama, ananipeza mu msasa nili pamwamba pa mthuthuthu, mwendo uku mwendo uku, chitenje nakweza mpaka m'mawondo, helemeti ili kumutu. Kukwera kwake musanifunse, chigubu chinagubuduka kawiri.

Anaima na ndowa m'manja. Anayang'ana buluku. Analidziwa.

"Amake ana, ni chani ichi?"

"Chotsani thabwa lanu, bwezerani bokosi. Zovala na ufa wa asewere nalonga kale."

"Anthu azakamba chani?"

"Anakamba kale kuti sininalire. Awonjezere na iyi."

"Tcheni ifunika kukunga."

"Kungani. Nili pompano."

"Mafuta ni ochepa."

"Ku Chongwe agulitsa."

Anaika ndowa pansi pang'onopang'ono. "Nkhalamba iwe, uzagwa."

"Ninagwa kale na mpando wanu wa masofa. Ine sinitsika, amdala. Mukafuna munipatsire chakudya pompano."

Anatenga sipanala. Thabwa limene linadya miyezi isanu linachoka nthawi yochepa kupambana kuwiritsa madzi a tiyi.

Za pa njira sinikumbukira zambiri. Ananiuza kuti nigwire m'chiuno mwawo, akapendekera na ine nipendekere, nisalimbane nawo. Zaka makumi anayi za ukwati sininawagwirepo m'chiuno pa anthu. Tinadutsa Chongwe, mng'ono wanga akuti anationa, anagwetsa mulu wa tomato. Titakwera tala mthuthuthu unasintha mawu, unaleka kubangula, unayamba kung'ung'udza chabe. Uja bambo wa ku maploti sananame. Mitengo inali kudutsa, mathumba a malasha m'mbali mwa msewu, malole, mapiri a ku Rufunsa na makona ake. Pa kona iliyonse ninali kupendekera. Ntchafu zinayamba kuwawa, pambuyo pake zinachita dzanzi nazo, nati basi zalingana na mwini wake.

Pafupi na mlatho wa Luangwa pali msika wa nsomba zouma na madengu. Amdala anaima pamenepo, anazimitsa injini. Kunali kotentha monga mu uvuni. Ananitsitsa, miyendo yanga inakana kubwerera pamodzi, ninayenda monga bakha mpaka pa mthunzi. Mai wina ogulitsa nsomba anati, "Ambuya, mwachokera kuti na chilombo ichi? Mwatichititsa manyazi ife atsikana." Ananipatsa kampando.

Amdala anagula madzi, sanamwe. Anakhala pa mwala, helemeti pa mawondo.

"Tibwerere," anatero.

"Njinga yafa?"

"Iyayi."

Ninayembekeza. Ntchentche zinali kuzungulira nsomba.

"Ukumbukira m'chipatala, pamene ninali kunyamuka, unanituma chani?"

Ninakumbukira. Ninawauza kuti poika maliro akaponye dothi kawiri, lawo na langa. Atabwerako ninafunsa, anati anaponya.

"Sininaponye," anatero. "Olo langa. Ninafika nawo mpaka pa manda. Pamene anayamba kutsitsa bokosi na zingwe, miyendo inanitenga. Ninakazipeza nili m'munda wa thonje wa munthu, nakhala pansi. Ninamva nyimbo zonse kuchokera kumeneko. Anatuma anthu kunifuna, anaitana, sininayankhe. Dothi la atate anaponya amalume a mkazi wake. M'mawa mwake ninatenga chola, ninalawira na maso pansi. Sinidziwa olo manda ake ni ati, amake ana. Nizakuonetsa chani? Nizawayang'ana bwanji anthu aja?"

Ninawayang'ana. Khosi lawo linali litaonda, kolala ya shati inali kuzungulira yokha. Sinidziwa ninaleka liti kuwaona. Mwina mkazi wina akanalira pamenepo, olo kutukwana. Ine ninamva chabe thukuta likutsika mu buluku.

Nati, "Imwani madzi. Manda azationetsa asewere. Munthu amene anathawa na munthu amene sanabwere, tikafike pamodzi, agawe okha manyazi."

Anamwa. Ananikweza.

Njira ya ngolo inali mwamene anakambira, mchenga, miyala, timitsinje touma. Chitsulo cha diramu chinagunda miyala kangapo, matayala a mano anagwira. Izo anakonza bwino, nisawalande. Tinafika dzuwa litapendeka. Anthu anatuluka m'nyumba atamva kulira kwa injini. Mkazi wa mwana wanga anali kusenda nyemba pakhonde. Nitavula helemeti anataya lichero, anathamanga, anagwada nanigwira miyendo. Ndiye anaona buluku. Analigwira pa bondo pamene panali chigamba chimene anasoka yekha, analira mokweza mpaka azimai a mudzi wonse anabwera kulandira.

Asewere anga aakazi, amake mtsikanayo, anapatsa amdala moni na manja awiri. Za kuthawa kuja palibe anatchula. Anati chabe, "Asewere, tinadziwa kuti muzabwera. Malo anu tinasunga."

Ku manda sapita madzulo, ndiye tinapita m'mawa, akulu a mudzi atatsogola. Manda anali pansi pa mitengo, mizere yosalongosoka. Asewere anaima pa mulu wina umene unali utatitimira pakati, pali mbale yobooka na kamtanda ka matabwa. Ninafunsa kuti mutu uli mbali iti. Ananionetsa. Ninakhala pansi mbali imeneyo, ninatambasula mwendo wanga wodwala.

Amdala anaima patali. Nati, "Bwerani, mwafika kale." Anabwera. Anagwada, anatapa dothi m'mbali, linali louma, linali kupulumuka m'zala. Anaponya kamodzi. Anatapanso kuti aponye langa, ninawagwira dzanja. Nati, "Langa nizaponya nekha." Ninatapa, ninaponya pamene panatitimira. Linalira pang'ono pa masamba ouma.

Amdala analira pamenepo, kulira kwa mwamuna kuja kopanda mawu, mapewa chabe. Ine ninazula udzu umene unamera ku mutu, umodziumodzi, mpaka panayera. Ninauza mwana kuti ng'ombe ya mawanga tinagulitsa, kuti mlongo wake wachiwiri ali na pakati, kuti buluku lake nabwereka chabe. Misozi sinabwere. Sinizakunamizani kuti inabwera kuti nkhani ikome. Koma ninaona malo. Nidziwa mtengo umene uli ku mutu kwake, nidziwa kumene dzuwa limutulukira. Nikakhala pano kutsuka zigubu, nidziwa kumene ali.

Imwe amene mwawerenga, musaisunge mu kabati. Patsaniko wina, makamaka mai amene kwawo kunagwa maliro ndipo amuna ake angokhalira kukhoma zinthu kuseri kwa nyumba osatsiriza. Ngati sadziwa kuwerenga, mumuwerengere, ndipo naye akamva apatse mnzake.